Atsikana a Zaka 99

Pa chipatala chimene ankagwirapo ntchito, dzina lake lenileni linkapezeka pa chiphaso chokha, ndipo chiphasocho chinkakhala chotembenuzika pachifuwa tsiku lonse. Anthu onse, kuyambira adokotala mpaka alonda a pageti, ankangoti Mayi Makadi. Zaka makumi awiri ndi zinayi anakhala kuseri kwa kawindo kolembetsera amayi oyembekezera, kumanja kompyuta, kumanzere mulu wa makadi achikasu, pensulo itasomekedwa m'tsitsi. Pensulo imeneyo muikumbukire, chifukwa tikumana nayonso.

Anali mayi wamfupi, wa mawu otsika, wosakonda phokoso, koma munthu wopinda khadi la chipatala sankamuonera kukondwa. Ukabwera ndi khadi lopindidwa panayi, lodontheredwa mafuta, sankakukalipira ayi. Ankangoliyala patebulo n'kumaliwongola ndi chikhatho pang'onopang'ono, akukuyang'ana pamwamba pa magalasi, mpaka wekha unkayamba kupepesa usanafunsidwe kanthu.

Amuna ake anali dalaivala wa malole, ndipo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mwanayo anakula n'kukhala telala, wa kashopu kake pafupi ndi siteji ya basi. Digiri yoyamba, ya masamu owerengera anthu ndi zinthu, Mayi Makadi anaipeza mokwawa: Loweruka ndi Lamlungu kwa zaka zisanu ndi ziwiri, anzake akupita kukacheza, iye akupita kukalasi. Anthu anaganiza kuti basi, wakhuta. Koma atakwanitsa zaka 53 anamveka kuti walembetsanso digiri yachiwiri, ya sayansi ya deta, maphunziro ophunzitsa kompyuta kufufuza m'milu ya manambala n'kunena zimene diso la munthu silingaone.

Anamwino anaseka mpaka kugwira nthiti. “Amayi inu, digiri imeneyo mukaigwiritsa ntchito kuti? Kumwamba?” Iye anangoti manambala amene wakhala akutayipa moyo wake wonse sanamuuzepo kanthu, ndiye akufuna awafunse asanapume pantchito.

Kalasi yawo inali pansanja yachitatu, chipinda chozizira ngati cha mankhwala, moti iye ankanyamula juzi ngakhale kunja kukuwotcha. Anzake ambiri anali a msinkhu wa mwana wake, ndipo tsiku loyamba lomwe anamupatsa dzina loti Anti. Pa kutayipa panalibe womuposa, zala zake zinkathamanga anyamata a kubanki a m'kalasimo n'kutsala kukamwa yasa. Koma kulemba malamulo oti kompyuta itsatire, abale, kunali kwina. Akaiwala kachizindikiro kamodzi, kompyuta inkamulavulira zilembo zofiira tsamba lonse, ngati wailakwira kalekale. Teremu yoyamba phunziro limodzi anakhoza mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo analira m'basi osabisa. Kenako anapeza njira yake: malamulo onse ankayamba wawalemba ndi pensulo m'kope, mzere ndi mzere, n'kuwawerenga mokweza ngati akuitana odwala. Achinyamata aja anaseka milungu iwiri, mlungu wachitatu anayamba kubwereka kopelo.

Chaka chachiwiri chinali cha kafukufuku, ndipo mutu wake sanaufune patali. Anapempha chilolezo chogwiritsa ntchito zolemba za chipatala chake chomwe, za zaka makumi awiri, mizere 41,000, mzere uliwonse mayi mmodzi, maina atachotsedwa. Cholinga chinali choti kompyuta iphunzire kuzindikira msanga mayi amene angadzavutike pobereka, kuti anamwino azimutumiza kwa adokotala nthawi ikadalipo. Akuluakulu a chipatala anakondwa, n'kulonjeza kuti chidacho chikatheka achiyesa pa kawindo komweko.

Womuyang'anira pa kafukufukuyo anali a Pulofesa, mayi wamtali, wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi, wongomwa madzi otentha opanda kanthu. Tsiku lina masana a Pulofesawo anamutembenuzira kompyuta yawo kuti aone chithunzi cha zaka za amayi onse aja. Timizati tooneka ndi maso tinayambira pa 16, n'kukwera, n'kutsika mpaka pa 46. Kenako panali mpata waukulu wopanda kanthu, ndipo kumapeto kwenikweni kunaima kamzati kamodzi kokha, pa 99.

“Mayi, chipatala chanu chili ndi agogo amphamvu,” anatero a Pulofesa akuseka. “Agogo 1,312 a zaka 99, onse abereka. Kodi mumawadyetsa chiyani?”

Mayi Makadi anaseka nawo, koma maso ake sanachoke pa kamzati kaja.

“Ndikudziwa, 99 ndi chizindikiro choti zaka sizikudziwika,” anapitiriza a Pulofesa. “Zimachitika kulikonse. Ingochotsani mizere imeneyi, deta yanu iyere, tipite patsogolo. Mwatsala ndi milungu isanu ndi iwiri kuti mukaime pamaso pa oyesa.”

Anaichotsadi, ndi lamulo la mzere umodzi. Kompyuta inagwira ntchito yake n'kutulutsa zotsatira zokongola, zoti ukhoza kupachika pakhoma. Zizindikiro za ngozi zinandandalikidwa bwinobwino: kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi, kubereka kambiri. Kuchepa kwa msinkhu kunalibepo, chifukwa malinga ndi deta yoyerayo, atsikana osakwana zaka 16 amene anabwera pa chipatalacho m'zaka makumi awiri anali 38 okha. Munthu wina aliyense m'kalasi muja akanasangalala n'kukagula suti. Koma Mayi Makadi anadziwa kuti ndi bodza, chifukwa amene anatayipa 99 yoyamba pa chipatala chija anali iyeyo.

Zinkayenda motere. Pa kawindo pankabwera kamtsikana, diresi yothina pamimba, maso pansi, pambali pake mayi ake kapena azakhali ake atagwira chikwama ndi manja awiri. Kwa akuluakulu Mayi Makadi ankafunsa kuti, “Muli ndi zaka zingati?” Kwa ana oterewa ankatsitsa mawu n'kuti, “Uli ndi zaka zingati, mwana wanga?” Mwanayo asanatsegule pakamwa, azakhali ankalumphira: “Lembani eyitini.” Aliyense ankadziwa chifukwa chake. Lamulo la pa chipatalapo linali loti wosakwana zaka 16 alembedwe pa fomu ina yofiira, ndipo fomuyo inkapita ku ofesi yoona za ana, n'kukafika kusukulu, n'kukafika m'makutu a mzinda wonse. Mabanja ankachonderera, ena ankagwada pomwepo anthu akuona.

Kulemba 18 iye sankafuna, chifukwa linali bodza. Kulemba 14 ankalephera, chifukwa cha misozi ya azakhali aja. Ndiye anapeza pothawira: pa kompyuta 99, kutsogolo kwa khadi kamzere. Koma mtima wa kalaliki sulola kuti nambala itayike. Azakhali akatembenuka kukafuna pokhala, iye ankafunsanso mwanayo monong'ona, n'kusolola pensulo m'tsitsi, n'kulemba zaka zenizeni kuseri kwa khadi, pakona yakumunsi, tizilembo tochepa ngati nyerere. Makalaliki onse amene anadutsa pa kawindo kaja anawaphunzitsa zomwezo. Ankati ndi chifundo, ndipo mwina chinalidi chifundo. Kungoti tsopano chida chimene iye mwini ankapanga chinali choti kamtsikana ka zaka 14 kakafika pa kawindo, chizinena kuti palibe chodetsa nkhawa, akakhale pa benchi adikire ngati ena onse. Iye anali ataona atsikana oterowo akuthamangitsidwa pa machira, ena osabwererako.

Masiku atatu anayenda nayo nkhaniyo mumtima. Tsiku lachinayi anagogoda kwa a Pulofesa n'kufotokoza zonse ataimirira, ngati mwana wasukulu amene waswa windo.

A Pulofesa sanasekenso. Anazunguza kapu yawo ya madzi patebulo kwa kanthawi. “Makadiwo alipo?”

“Alipo, m'chipinda chosungira. Ndimasunga ndine.”

“Mukawapeza, kafukufuku wanu akhala wina, ndipo akhala wabwino kuposa uyu. Koma mumvetse, mayi. Muyenera kulemba m'buku lanu la kafukufuku kuti 99 ankalemba ndani, ndipo chifukwa chiyani. Oyesa adzafunsa. Akuluakulu a chipatala chanu adzawerenga. Mukhozanso kungochotsa mizere ija monga ndinanenera, palibe angakutsutseni, digiri mutenga.”

“Ndikudziwa,” anatero Mayi Makadi. “Koma ndidzakhalanso pa kawindo paja chidacho chikamagwira ntchito.”

Chimene sanawauze a Pulofesa n'chakuti pa mizere 1,312 ija, umodzi ankaudziwa tsiku lake, mwezi wake, ndi diresi imene mwini wake anavala.

Zaka khumi ndi zisanu m'mbuyomo, mwana wake yemwe, telala uja, anaima pa kawindo kameneko ali woyembekezera, ali ndi zaka 15. Panalibe azakhali omuperekeza, chifukwa womuperekeza ndi amene anali kuseri kwa galasi. Kunyumba anali atakhala milungu iwiri osalankhulana, kupatula “tseka chitseko” ndi “madzi atha”. M'mawa umenewo Mayi Makadi anamuuza kuti akafole pamzere ngati wina aliyense. Mwanayo atafika kutsogolo, mayi ake sanakweze maso. Anatayipa dzina, anatayipa 99, anadinda khadi, n'kuitana wotsatira. Pensulo sinachoke m'tsitsi. Manyazi anali atamugwira, manyazi a mayi wamasiye amene anthu ankamutama kuti walera bwino yekha, ndipo mkwiyo wake anaukhuthulira pa mwana m'malo mwa bambo wamkulu amene anamupatsa mimbayo n'kuthawa mzindawo nkhani itangomveka.

Mwanayo anavutika masiku awiri ndipo anachita kung'ambidwa. Anapulumuka, khanda linapulumukanso, ndipo lero ndi mtsikana wamtali wokonda mpira wamanja amene agogo ake amamukonda kuposa maso awo. Mayi ndi mwana anayambanso kulankhulana, kuseka, kukangana za mchere ndi makatani. Telalayo ndi amene ankasoka zovala zonse za mayi ake, ndi amenenso anawakakamiza kulembetsa digiri yachiwiri. Koma za m'mawa uja pa kawindo sanazitchulepo, ngakhale kamodzi.

Akuluakulu a chipatala anapereka chilolezo chotsegula makatoni, nkhope zili gwa, n'kunena kuti nkhani ya mafomu ofiira adzaikambirana bukulo likatuluka. Ndiye Loweruka lililonse, kawindo kakatsekedwa masana, Mayi Makadi ankamanga kansalu kumphuno n'kulowa m'chipinda chosungira makadi. Munali fumbi loti ukayetsemula kamodzi umayetsemula kakhumi. Makatoni anali osanjidwa chaka ndi chaka, ndi dzanja lake lomwe. Ankatenga nambala ya khadi pa mndandanda, kupeza khadi, kulitembenuza, kuyandikiza ku kuwala kwa windo: 15. Lina: 14. Lina: 14. Lina: 13. Pena ankakumbukira nkhope, pena ayi, ndipo kusakumbukirako n'kumene kunkamupweteka kwambiri. Katoni ya chaka china inali itadyedwa ndi chiswe, ina inavunda ndi denga lodontha, moti makadi 107 anatayika. Koma 1,204 anapezeka, aliyense ndi kanambala kake pakona.

Atalowetsa zaka zenizenizo, kompyuta inasintha mawu. Kuchepa kwa msinkhu kunakwera kuchoka posaoneka n'kukhala chizindikiro chachiwiri cha ngozi. A Pulofesa anayang'ana chithunzi chatsopanocho nthawi yaitali, timizati titadzaza kumanzere kumene kale kunali mbee.

“Koma masamu anu akuperewera mmodzi,” anatero. “Opezeka ndi otayika akukwana 1,311.”

“Khadi limodzi lilipo, koma kuseri kulibe kanthu.”

“Ndiye lisiyeni. Mzere umodzi sungasinthe chilichonse pa zotsatirazi.”

Ankanena zoona a Pulofesa, ndipo Mayi Makadi, amene tsopano ankadziwa masamu ake, akanatha kutsimikiza yekha kuti n'zoona. Zaka za mwini khadilo ankazidziwa kuposa munthu aliyense padziko, poti anamubereka yekha. Akanatha kungolemba. Koma nthawi iliyonse akasolola pensulo, dzanja linkakana. Manambala ena onse aja anachita kuuzidwa ndi eni ake. Iyi yokha sanafunse.

Za tsiku la mayeso ndinena mwachidule. Anaima pamaso pa oyesa atatu atavala diresi yatsopano. Woyesa wina, bambo wa ndevu zoyera, anafunsa kuti kodi kalaliki amene anayambitsa 99 anapezeka kuti afotokoze maganizo ake. Mayi Makadi anati, “Ndine.” Mafunso anapitirira ola lathunthu, ndipo anakhoza. Kuchipatala anamulembera kalata yomuchenjeza, imene anaisunga mosapinda m'fayilo imodzi ndi satifiketi yake. Fomu yofiira ija akuluakulu akuti akuiunikanso, kaya zidzatha liti. Koma nkhani ya mayi ameneyu siithera pa gauni ya digiri. Imathera pa Loweruka lomaliza mayeso asanachitike.

Tsikulo telala anabwera kuchipatala masana ndi tepi yoyezera m'khosi, chifukwa mayi ake anali ataonda ndi kafukufukuyu ndipo miyezo yakale sinkagwiranso ntchito. Anawapeza mu ofesi ya kawindo, fumbi lili mbuu m'tsitsi, makatoni atabwezedwa kale. Patebulo panali khadi limodzi lokha lachikasu.

“Imikani manja, amayi. Mwatha ngati mukudwala. Oyesawo aziti sitikudyetsani.”

Anayeza mapewa, anayeza chiuno, akulemba pa kapepala. Powerama kuti ayeze kutalika, maso ake anagwera pa khadi lija. Dzina lake analiwerenga chozondoka. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kulitenga, n'kuyang'ana tsiku lake. Nkhani ya pensulo ankaidziwa, poti mayi ake anali atamufotokozera za makatoni milungu yonseyi, kusiyapo chinthu chimodzi. Analitembenuza n'kuyang'ana pakona yakumunsi.

“Langa mulibe,” anatero.

“Mulibe.”

“Anthu 1,204 munawafunsa.”

Mayi Makadi anafuna kunena za manyazi, za umasiye, za pakamwa pa anthu, mawu onse amene anakhala akuwakonza zaka khumi ndi zisanu. Koma anangokhala pampando wake, manja pamiyendo.

“Ndinafola kuyambira sikisi koloko tsiku lija,” anatero mwanayo, mawu ali phee. “Patsogolo panga panali kamtsikana kena, kovala juzi yasukulu. Ndinakumvani mukukafunsa kuti, uli ndi zaka zingati, mwana wanga. Ndiye ndinati, ndikafika ine anenanso choncho, ndipo ndikalira pomwepo, n'kupepesa, zithe. Mzere wonse ndinkangokonzekera kuyankha. Opaleshoni ija ndinaiwala kupweteka kwake, amayi. Koma zoti simunandiyang'ane sindinaiwale.”

“Ndinalakwa, mwanawe. Ndinalakwa kwambiri.”

Telalayo anaika khadi patebulo, anavula tepi m'khosi, n'kutuluka. Mayi ake anamva mapazi akuyenda m'khonde ndipo mtima unagwa, poganiza kuti wapita. Koma mapaziwo anazungulira, anadutsa pakati pa mabenchi opanda anthu, n'kudzaima kutsogolo kwa galasi. Mayi wa zaka makumi atatu, mwini shopu, wolera mwana wake yekha, anagogoda pa kawindo ndi chala chimodzi.

Mayi Makadi anakankha kawindo kaja. Kankalira potseguka, monga kankachitira masiku onse. Anawongola khadilo ndi chikhatho ngakhale linali losapindika, n'kukweza maso pamwamba pa magalasi, n'kumuyang'ana.

“Uli ndi zaka zingati, mwana wanga?”

“Fifitini, amayi.”

Anasolola pensulo m'tsitsi n'kulemba pakona yakumunsi. Nambalayo inatuluka yaikulu kuposa ena onse aja. M'buku limene anapereka kwa oyesa, makadi opezeka analembedwa kuti 1,205.